Miyala ya m'ndulu ndi opaleshoni yochepetsa thupi: kodi sikani imaona zonse?

Aliyense amene anatumbulapo nkhuku kapena mbuzi amakadziwa kathumba kobiriwira kamene kamamatirira pachiwindi. Timakachotsa mosamala, mpeni uli patali, chifukwa kakangophulika ndiwo yonse yawawa. Nafenso anthu tili nako, kumanja kunsi kwa nthiti, ndipo sitikakumbukira mpaka tsiku limene kayamba kuvuta. Kwa munthu wonenepa kwambiri amene akukonzekera opaleshoni yochepetsa thupi, kathumba ka nduluka kamalowa m'nkhani ngakhale kuti mpeni wa dokotala sukulunjika pamenepo. Nawa mafunso amene odwala ndi abale awo amakonda kufunsa.

Opaleshoniyi ndi ya chifu. Nanga ndulu ikubwera bwanji?

Zoona, dokotala amagwira chifu. Pa opaleshoni yotchedwa sleeve gastrectomy, imene ikuchitika kwambiri masiku ano, amadula ndi kuchotsa pafupifupi magawo atatu kapena anayi mwa magawo asanu a chifu, n'kutsala kachubu kooneka ngati nthochi. Pa ina yotchedwa gastric bypass, imene Edward Mason anayambitsa ku Iowa m'zaka za m'ma 1960, amasiya kathumba kakang'ono pamwamba pa chifu n'kukalumikiza ndi matumbo a kutsogolo, moti chakudya chimalambalala chifu chotsalacho ndi chiyambi cha matumbo. Kwa zaka zambiri, kuchokera pa mgwirizano wa madokotala a ku America wa 1991, opaleshoni zimenezi zinkachitidwa kwa anthu a BMI (muyeso wa kulemera kwa thupi poyerekeza ndi kutalika) yoyambira 40, kapena 35 ngati ali ndi matenda ena monga a shuga. Mu 2022 mabungwe a madokotala a opaleshonizi, a ASMBS ndi IFSO, anatsitsa malire kufika pa 35 ngakhale popanda matenda ena. Kuti muone kukula kwake: munthu wotalika mamita 1.65 amene akulemera makilogalamu 110 ali ndi BMI ya 40.

Ndulu imalowapo kawiri. Koyamba, kunenepa pakokha kumabala miyala. Kafukufuku wamkulu wa anamwino a ku America, Nurses' Health Study, anasonyeza mu 1992 kuti amayi a BMI yopitirira 45 ankadwala miyala ya m'ndulu kuwirikiza kasanu ndi kawiri poyerekeza ndi amene BMI yawo sinkafika 24. Choncho ambiri amafika kwa dokotala wa opaleshoni ali nayo kale, osadziwa. Kachiwiri, ndipo apa ndi pamene anthu amadabwa, kuonda mofulumira nakonso kumabala miyala. Chimene chikuchiza kunenepa ndi chomwecho chimene chikuutsa vuto lina.

Kuonda kungabale bwanji miyala?

Ndulu ndi madzi amene chiwindi chimapanga tsiku ndi tsiku kuti athandize kugaya mafuta. Kathumba kaja ntchito yake n'kusunga madziwo ndi kuwakhwimitsa, ndipo mukadya chakudya cha mafuta kamafinyika n'kuwathira m'matumbo. M'madzimo muli kolesterolo, amene sasungunuka yekha koma amagwiridwa ndi michere ya ndulu. Kolesterolo akachuluka kuposa mmene michereyo ingamugwirire, amayamba kuundana ngati shuga wotsalira pansi pa kapu ya tiyi wozizira. Timibulu timeneto timakodwa m'mamina a m'kathumba n'kukhala matope, matopewo n'kukhala mchenga, mchenga n'kukhala miyala.

Munthu akamaonda mofulumira thupi limasungunula mafuta ambiri nthawi imodzi, ndipo kolesterolo wochuluka amathera mu ndulu. Komanso amene wangochitidwa opaleshoni amadya pang'ono kwambiri, zamafuta pafupifupi palibe, ndiye kathumba kamangokhala osafinyika. Madzi okhwima, ndiponso osayenda. Madokotala amaona kuti ngozi imakula munthu akamataya makilogalamu oposa 1.5 pa sabata, ndipo m'miyezi yoyamba pambuyo pa opaleshoni ambiri amataya kuposa pamenepo. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu amene analibe miyala amakhala nayo m'chaka choyamba ngati sanamwe mankhwala oteteza. Ambiri a iwo siiwapweteka, koma ena imawabwezera kuchipatala.

Si opaleshoni yokha. Kudzimana chakudya mopitirira muyeso, ngakhalenso jakisoni zatsopano zochepetsa thupi monga semaglutide ndi liraglutide, nazo zimawonjezera ngozi ya matenda a ndulu.

Sikani yake ndi yomwe ija amaunikira amayi oyembekezera?

Ndi yomweyo, makina omwewo a ultrasound, jelo wozizira yemweyo. Chosangalatsa n'chakuti miyala ya m'ndulu ndi imene inatsogola kuunikidwa motere, za mimba zisanabwere. Mu 1949 George Ludwig, dokotala wa asilikali apamadzi a ku America, anabisa miyala ya m'ndulu m'matupi a agalu n'kusonyeza kuti mafunde a phokoso angathe kuipeza. Ntchito yotchuka ya Ian Donald ku Glasgow, imene inatsegula njira younikira amayi, inafalitsidwa mu 1958.

Makinawa sagwiritsa ntchito cheza choopsa. Kachipangizo kamene amakuikani pamimba kamatumiza phokoso losamveka ndi khutu. Khutu la munthu limalekera pa mafunde pafupifupi 20,000 pa sekondi, pamene kachipangizo kounikira m'mimba kamatulutsa mafunde 2 miliyoni mpaka 5 miliyoni. Phokosolo likagunda chinthu limabwerera, monga mmene mawu amabwererera mukakuwa pafupi ndi phiri, ndipo makina amawerengera nthawi imene latenga n'kujambula chithunzi. Madzi a ndulu salibweza, choncho kathumba kodzaza kamaoneka kakuda bii. Mwala umalibweza mwamphamvu.

Wounika amafuna zinthu zitatu asananene kuti uwu ndi mwala. Chinthucho chiwale mbee mkati mwa mdima wa kathumba. Kuseri kwake kukhale mthunzi wakuda wotsetsereka pansi, popeza phokoso silinadutse. Ndipo wodwala akatembenuka, chinthucho chigubuduke kupita kumene kwatsika. Chachitatuchi n'chofunika chifukwa pakhoma la kathumba pamamera nthawi zina tinyama totchedwa ma polyp, timene timawalanso koma tilibe mthunzi ndipo sitisuntha. Mwa munthu wa thupi wamba amene wakonzekera bwino, sikani imapeza miyala ya m'kathumba mwa anthu oposa 9 pa 10 alionse amene ali nayo.

Ndiye kunenepa kumasokoneza chiyani?

Mtunda. Phokoso limafooka likamayenda m'thupi, ndipo liyenera kuyenda ulendo wopita ndi wobwerera. Mwa munthu wochepa thupi kathumba ka ndulu kali pafupi ndi khungu. Mwa munthu wa makilogalamu 150, phokoso liyenera kuyamba ladutsa mafuta ochindikala a pansi pa khungu, kenako minofu, kenako mafuta ena a m'kati mwa mimba, lisanafike n'komwe pachiwindi. Mafuta amalimwaza ndi kulimeza. Limene limabwerera limakhala lochepa ndiponso losokonezeka, ndipo chithunzi chimachita ngati mukuyang'ana kudzera m'nkhungu ya m'mawa.

Wounika ali ndi njira imodzi yofikira patali, ndiyo kutsitsa kuchuluka kwa mafunde. Mafunde ochepa pa sekondi amalowa mozama. Koma pali mtengo wake: chithunzi chimataya tsatanetsatane. Ukafuna kufika patali umataya kuona tinthu ting'onoting'ono, ukafuna kuona tinthu ting'onoting'ono sufika. Palibe makina, ngakhale odula chotani, amene anathetseratu kukokanakokana kumeneku, ngakhale kuti makina amakono ali ndi njira yotchedwa harmonic imaging imene imayeretsako chithunzi mwa anthu onenepa.

Vuto lachiwiri ndi chiwindi chenichenicho. Wounika amagwiritsa ntchito chiwindi ngati zenera loonera kathumba. Anthu ambiri onenepa kwambiri ali ndi chiwindi cha mafuta, chimene chimakula, chimawala pa sikani ndipo chimameza phokoso. Zenera lachita chifunga. Onjezaninso mpweya wa m'matumbo, umene phokoso silidutsa n'komwe ndipo umapanga mthunzi wonyenga wofanana ndi wa mwala. Pomaliza pali zovuta zimene mabuku satchula kawirikawiri: bedi lopapatiza, wodwala amene sangagone chagada nthawi yaitali chifukwa cha befu, amene sangagwire mpweya, ndi dzanja la wounika limene latopa ndi kudinikiza mwamphamvu.

Akandiuza kuti mulibe miyala, ndikhulupirire?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Sikani ikaona mwala wowala, wa mthunzi, wogubuduka, mutha kukhulupirira ndithu, kaya ndinu wonenepa kaya ayi. Yankho lakuti "ilimo" n'lolimba. Yankho lakuti "mulibe" ndi limene limafuna kufunsa kachiwiri.

Musamve ngati sikani ilibe ntchito mwa anthu onenepa. M'manja mwa katswiri wodekha, miyala ikuluikulu imaonekabe bwino. Imene imazemba ndi ing'onoing'ono ya mamilimita awiri kapena atatu, matope, ndi mwala umene wadzipanikiza pakhosi pa kathumba pamene phokoso silifika bwino. Ndipo tsoka lake n'lakuti timiyala ting'onoting'onoti ndi timene timavuta kwambiri, chifukwa ndi timene timatha kutuluka m'kathumba n'kukatseka njira yaikulu ya ndulu. Mwala waukulu ngati dzira la nkhunda ungakhale phee zaka makumi. Kamchenga ndi kamene kamayenda.

Choncho werengani lipoti lonse, osati mzere womaliza wokha. Wounika woona mtima amalemba ngati chithunzi chinali chovuta, ngati kathumba kanaoneka konse kapena mbali yake yokha, ndiponso ngati njira yaikulu ya ndulu inaoneka. "Sitinaone miyala" ndi "mulibe miyala" ndi mawu awiri osiyana. Njira yaikulu ija, imene mwa munthu wamkulu siyenera kutambasuka kupitirira mamilimita 6 kapena pafupi pamenepo, imabisika kuseri kwa matumbo, ndipo ngakhale mwa munthu wochepa thupi sikani imaphonya miyala yambiri ya m'menemo.

Ine monga wodwala ndingathandize bwanji kuti chithunzi chioneke?

Musadye kwa maola 6 mpaka 8 musanaunikidwe. Mukadya, kathumba kamafinyika n'kufota, ndipo m'kathumba kofota mulibe madzi akuda aja amene mwala umaonekera. Madzi akumwa pang'ono savuta, koma tiyi wamkaka ndi zakumwa za gasi zimawononga. Ngati muli ndi shuga, kambiranani za mankhwala anu ndipo pemphani nthawi ya m'mawa.

Muli pabedi, chitani zimene akukuuzani ngakhale zikutopetsa: kukoka mpweya kwambiri n'kuugwira, kugonera kumanzere, kukweza mkono wamanja pamutu, nthawi zina kukhala tsonga kapena kuimirira. Kugonera kumanzere kumachititsa kuti mafuta a pamimba agwere mbali ina ndipo chiwindi chitsike kuchoka kunsi kwa nthiti. Wounika angaikenso kachipangizo pakati pa nthiti, pamene mafuta amakhala ochepako. Akadinikiza pamwamba pa kathumba inu n'kumva kupweteka kobaya, nenani. Chimenecho ndi chizindikiro chimene akufuna, chosonyeza kuti mwina kathumba katupa.

Bwanji osangojambula X-ray kapena CT basi?

Chifukwa miyala yambiri ya anthu onenepa ndi ya kolesterolo, ndipo ilibe kashiamu wokwanira kuti ioneke. X-ray wamba imaonetsa mwina mwala umodzi kapena iwiri pa 10. CT imaposa pamenepo koma nayo imaphonya yambiri, ndipo ili ndi cheza. Ngati dokotala akukayikira kuti mwala uli m'njira yaikulu, amatumiza wodwala ku MRI ya njira za ndulu yotchedwa MRCP, bola akwane m'makinamo, popeza bedi lake lili ndi malire a kulemera ndipo mphako yake ili ndi malire a kukula. Njira ina ndi kulowetsa kachipangizo ka ultrasound kudzera kukamwa mpaka m'chifu, kapena kukaika pachiwindi penipeni opaleshoni ili mkati. Njira ziwirizi zimalambalala mafuta a pamimba, ndiye chithunzi chimayera.

Kodi aliyense aziunikidwa asanachitidwe opaleshoni?

Madokotala sagwirizana, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Malangizo a ku America a mabungwe a AACE, TOS ndi ASMBS amati sikani ndi ya wodwala amene ali ndi zizindikiro za matenda a ndulu kapena amene magazi ake akusonyeza kuti chiwindi sichili bwino. Ganizo lawo n'losavuta: ngati mwala wosapweteka suchotsedwa, kuuona kukusintha chiyani? Zipatala zambiri, makamaka ku Ulaya, zimaunikabe aliyense.

Ine ndimapendekera kwa ounika, makamaka kwa amene akuchitidwa bypass. Sikani siipweteka, ndi yotsika mtengo poiyerekeza ndi opaleshoni yonse, ndipo imapereka poyambira. Munthu akabwera patatha miyezi isanu akudandaula m'mimba, dokotala amadziwa ngati miyalayo ndi yakale kapena yatsopano. Imathandizanso posankha za mankhwala oteteza, monga tionere kutsogoloku. Komabe otsutsa akunena zoona pa chinthu chimodzi: sikani yochitidwa mwachizolowezi, lipoti lake n'kungoikidwa mufayilo popanda wolifunsa, ndi kutaya nthawi ya wounika.

Akaipeza koma siikundipweteka, achotseretu ndulu?

M'nthawi imene opaleshoni inkachitika pong'amba mimba yonse, madokotala ambiri ankachotseratu kathumba, poti mimba yatseguka kale. Kuchotsa kathumba ka ndulu si ntchito yachilendo: Carl Langenbuch anayamba ku Berlin mu 1882, ndipo Erich Mühe anachita koyamba kudzera m'timabowo mu 1985. Munthu amakhala bwino popanda kathumbako. Ndulu imangotsikira m'matumbo pang'onopang'ono, ngakhale ena amatsegula m'mimba kwa kanthawi.

Masiku ano ambiri amasiya miyala yosapweteka. Mwa anthu wamba, pafupifupi 8 pa 10 alionse okhala ndi miyala sadzamva kanthu moyo wawo wonse. Komanso timabowo tolowera kuchifu sitikhala pamalo abwino ofikira ndulu, chiwindi chimakhala chachikulu ndi cholemera, ndipo opaleshoni imatalika. Patatha chaka, munthu ataonda, ntchito yomweyo imaphweka. Koma ngati miyala inayamba kale kupweteka, nkhani imasintha: kathumba kamachotsedwa, kaya opaleshoni yochepetsa thupi isanachitike kaya tsiku lomwelo.

Mwatchula bypass kangapo. Yasiyana pati ndi sleeve pa nkhani imeneyi?

Pa njira yokafikira mwala ukasochera. Mwala ukatseka njira yaikulu ya ndulu, munthu amachita chikasu, amatha kutentha thupi koopsa, kapena kutupa pancreas, chiwalo chija chimapanga insulin. Mwachizolowezi dokotala amalowetsa chubu cha kamera kukamwa, kudutsa m'chifu, mpaka pachiyambi cha matumbo pamene ndulu imathirira, n'kukoka mwalawo. Njirayi amaitcha ERCP. Mwa munthu wa sleeve msewu umenewu ulipobe. Mwa munthu wa bypass msewu unapatutsidwa, ndipo chubu wamba sichifika. Pamafunika zida zapadera, kapena opaleshoni yoboola chifu chakale chija kuti chubu chidutsiremo, ndipo si chipatala chilichonse chimene chingathe. N'chifukwa chake kamwala kamene mwa wina kangakhale ntchito ya ola limodzi, mwa wa bypass kangafune ulendo wa kuchipatala chachikulu.

Alipo mankhwala oteteza?

Alipo, ursodeoxycholic acid, amene ambiri amangoti urso. Dzinali likuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza chimbalangondo, chifukwa mchere umenewu unapezeka koyamba mu ndulu ya nyamayi, koma wa m'mapiritsi amapangidwa kufakitale. Amachepetsa kolesterolo wa mu ndulu kuti asaundane.

Mu 1995 Harvey Sugerman ndi anzake ku America anayesa mankhwalawa pa anthu ochitidwa bypass. Patatha miyezi 6, sikani inapeza miyala mwa anthu 32 pa 100 alionse amene anamwa mapiritsi opanda mankhwala, koma mwa 2 okha pa 100 amene ankamwa mamiligalamu 600 pa tsiku. Funso limene linatsala linali lakuti: kuchepetsa miyala yooneka pa sikani n'kofanana ndi kuchepetsa odwala? Kafukufuku wa ku Netherlands wotchedwa UPGRADE, wa anthu pafupifupi 1,000, amene anatuluka mu 2021, anapereka mamiligalamu 900 pa tsiku kwa miyezi 6 n'kuwatsatira zaka ziwiri. Pa gulu lonse phindu silinaoneke motsimikizika. Linaoneka mwa ochitidwa bypass amene analibe miyala opaleshoni isanachitike. Mukuona tsono chifukwa chake sikani yoyamba ija ili ndi ntchito: urso amateteza bwino kathumba koyera kuposa kamene muli kale miyala.

Vuto lake ndi kumwa. Mapiritsi a tsiku ndi tsiku kwa theka la chaka, m'kachifu kakang'ono, pamodzi ndi mavitamini ena onse, ambiri amasiyira panjira. Ndipo musadziletse mafuta onse poganiza kuti mukudzithandiza. Mafuta pang'ono, molingana ndi mmene katswiri wa zakudya wakuuzirani, amachititsa kathumba kufinyika ndi kudzitsuka.

Opaleshoni yatha, ndili kunyumba. Ndiyang'anire chiyani?

Ululu wa ndulu umamveka kumanja kunsi kwa nthiti kapena pakati pamwamba pa mchombo, kawirikawiri mutadya kapena usiku. Sukhala wa kamphindi. Umakula n'kukhazikika kwa theka la ola mpaka maola angapo, ndipo ungafike kumsana kapena paphewa lamanja, limodzi ndi nseru. Ukapitirira maola 6, kapena mukatentha thupi ndi kunjenjemera, maso akachita chikasu, mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chikayera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ubwino wake ndi wakuti pa nthawiyi mwataya makilogalamu ambiri, chiwindi chachepa mafuta, ndipo sikani imaona bwino kuposa poyamba. Koma pali msampha. Popeza ambiri amakhala ndi miyala pambuyo pa opaleshoni, kuipeza sikutanthauza kuti ndiyo ikupweteka. Munthu wa bypass angakhale ndi chilonda pamene chifu chinalumikizidwa ndi matumbo, kapena matumbo angalowe m'mpata wotsala mkati n'kupotana, zimene zimapha ngati zachedwa ndipo sikani ya ultrasound siiziona. Pamenepo pamafunika CT kapena kamera.

Izi zikukhudza kwambiri anthu amene amakachitidwa opaleshoni kunja, monga ku South Africa, India kapena Turkey, n'kubwerera kwawo patangopita masiku ochepa. Miyala ikamadzayamba, dokotala amene anagwira mpeni ali kutsidya. Musanakwere ndege, pemphani kalata yonena dzina lenileni la opaleshoni, tsiku lake, ngati kathumba ka ndulu kanachotsedwa kapena kalipo, ndi lipoti la sikani yoyamba. Jambulani mapepalawo pafoni, ndipo uzani m'bale mmodzi kumene ali, chifukwa amene adzayankhe mafunso a dokotala usiku umene mudzadwale mwina sadzakhala inuyo.